Mvula Ikakuona Litsiro: Za Sitiroko Yogwera Wodwala Khansa ya mu Ubongo

Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi yolemera, yosafunika kuithamangira. Ndipo ngakhale ambiri a inu simudzakomana nayo pakhomo panu, alipo ena amene ikuwasowetsa tulo usiku uno womwe, ndipo iwowo ndi anansi athu, opemphera nawo, ogawana nawo malire a munda.

Makolo athu adati mvula ikakuona litsiro siikata. Mwambi umenewu ndimaukumbukira ndikaganiza za anthu amene adalandira kale uthenga wowawa wakuti mbale wawo ali ndi khansa ya mu ubongo, nagulitsa mbuzi, nagulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti apeze ndalama yoyendera ku chipatala chachikulu, nabwerera kumudzi ndi mankhwala ndi kachiyembekezo pang'ono. Ndiyeno m'mawa wina, pamene mitima idayamba kukhala pansi, apeza kuti munthu amene dzulo lomweli ankadya yekha ndi kucheza ndi zidzukulu zake, lero pakamwa papotokera mbali imodzi, mkono walefuka, ndipo mawu akukanika kutuluka. Ena amati khansa ija yafika pamapeto pake. Ena amayang'anana nayamba kunong'onezana maina a anthu a m'mudzi. Koma nthawi zina chimene chachitika ndi nthenda yachiwiri yogwera pamwamba pa yoyamba, ndiyo sitiroko, matenda ofa ziwalo; ndipo chimene ndadzera lero n'chakuti mabanja aidziwiretu isanafike, ndi kuti katundu amene imabwera naye asasiyidwe pamutu pa munthu mmodzi.

Ubongo wa munthu, ngakhale kuti kulemera kwake sikufika makilogalamu 2, umamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya wabwino wonse umene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo susungira mawa kanthu, kotero kuti moyo wake wonse uli pa magazi ofika mphindi iliyonse, usana ndi usiku. Amene adalimapo dimba lothirira andimva msanga. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala, mbewu za kumunsi kwake zimafota ndi ludzu. Ngalande ikaphulika, madzi amasefukira nakokolola mbewu zomwezo zimene adayenera kuzipatsa moyo. Sitiroko nayonso ili mitundu iwiri chomwecho: pali ya mtsempha wotsekeka ndi magazi oundana, ndipo pali ya mtsempha wophulika, pamene magazi amatayikira mkati mwa chigaza, mmene mulibe malo oti apiteko, nafinya ubongo. Ndipo popeza mbali ya kumanzere ya ubongo ndiyo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndiponso kulankhula mwa anthu ambiri, n'chifukwa chake mudzaona kuti wofa ziwalo za kumanja ndiye amene kawirikawiri amasowanso mawu.

Tsono n'chifukwa ninji wodwala khansa ali pafupi ndi ngozi imeneyi koposa anzake? Yankho loyamba lidapezeka kalekale. M'chaka cha 1865, dokotala wa ku France, dzina lake Armand Trousseau, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Hôtel-Dieu mumzinda wa Paris, adafotokoza kuti magazi a anthu odwala khansa amafulumira kuundana m'mitsempha. Ndipo mbiri yake ndi yomvetsa chisoni ndithu, pakuti pasanapite nthawi yaitali, iye mwini ataona mtsempha wa pamkono pake utatupa, adazindikira yekha chimene chidabisala m'thupi mwake, namwalira ndi khansa ya m'mimba mu 1867. Chimene iye adaona ndi maso, a pambuyo pake adachitsimikizira: khansa imathira m'magazi zinthu zowachititsa kuundana, ndipo odwala khansa yoyambira mu ubongo ali m'gulu la amene vuto limeneli limawagwira kwambiri, makamaka m'mitsempha ya m'miyendo. Onjezanipo kugona pamphasa masiku ambiri osayenda, ndi kumwa madzi ochepa chifukwa cha nseru, ndipo mudzaona mmene zinthu zimathandizirana kumuipira munthu.

Yankho lachiwiri lili m'chotupa chenichenicho. Khansa yaukali koposa mwa zoyambira mu ubongo wa akuluakulu, imene madokotala amaitcha glioblastoma, imakula mofulumira kotero kuti imadzipangira mitsempha yakeyake yoidyetsa. Koma mitsempha yopangidwa mwaliwiro chotere imakhala yosalimba, yodontha, yosachedwa kung'ambika. Chotupa chimathanso kupanikiza mtsempha wabwinobwino woyandikana nacho mpaka magazi alephere kudutsa. Palinso khansa zimene sizidayambire m'mutu, koma zidachita kusamukirako kuchokera m'mapapo, m'bere, mu impso, kapena pakhungu. Ndipo mwa izi, ya mu impso ndi ya pakhungu yotchedwa melanoma, imene mwa ife anthu akuda imakonda kuyambira kuphazi, ndizo zodziwika ndi kutaya magazi mu ubongo.

Yankho lachitatu ndi lovuta kulinena, koma kubisa sikungatithandize: chithandizo chomwe chimene chimatalikitsa moyo wa wodwala chili ndi mtengo wake. Opaleshoni ya m'mutu imachitika pakati pa timitsempha ting'onoting'ono, ndipo ngakhale dzanja la dokotala likhale laluso chotani, kamtsempha kena kangathe kutsekeka m'mphepete mwa pamene pachotsedwa chotupa. Kuwotcha khansa ndi makina kumapha chotupa, komanso kumaumitsa ndi kuchepetsa mitsempha ya pamalopo mwakachetechete, kotero kuti sitiroko ingathe kudza patapita miyezi, ngakhale zaka zambiri, makamaka mwa amene adawotchedwa akali ana. Mankhwala ena, monga bevacizumab, amene ntchito yake ndi kuletsa chotupa kupanga mitsempha yatsopano, amaonjezera ngozi ya kutaya magazi ndi ya kuundana komwe. Walira mvula walira matope. Koma wina asandimve ngati ndikuti anthu athawe chipatala, ayi ndithu. M'chaka cha 2005, kafukufuku wa odwala 573 wotsogozedwa ndi dokotala Roger Stupp adaonetsa kuti kuphatikiza kuwotcha ndi mankhwala a temozolomide kudakweza nthawi imene wodwala wapakati amakhala ndi moyo kuchoka pa miyezi 12 kufika pafupifupi miyezi 15, ndipo ena adakhala zaka. Kwa amene sadadwazikepo, miyezi 3 ingaoneke yochepa. Koma m'miyezi 3 munthu amaona ukwati wa mwana wake, amayanjana ndi mbale amene adadana naye, amalongosola za nyumba yake.

Ndikupatseni chitsanzo cha munthu wodziwika, kuti mudziwe kuti tsoka ili silisankha wosauka yekha. Mayi Tessa Jowell adali nduna ya boma ku Britain, ndipo ndi mmodzi mwa amene adalimbikira kuti masewero a Olympics a 2012 achitikire ku London. Mu May 2017, ali pa ulendo wa ntchito, adalowa m'galimoto ya hayala napeza kuti sangathe kulankhula, kenaka nagwa ndi kuphupha kawiri. Ndipo atamuunika adamupeza ndi glioblastoma. Mu January 2018 adaimirira m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, atavala chipewa kumutu, napempha kuti odwala khansa ya mu ubongo aganiziridwe ndi kuti zipatala za maiko zigawane nzeru. Ndipo atatha kulankhula, nyumba yonse idaimirira kumuwombera m'manja, chinthu chimene sichichitikachitika m'nyumba imeneyo. Koma pa 11 May 2018 magazi adatayikira mu ubongo wake, nakomoka osatsitsimukanso, namwalira tsiku lotsatira, pa 12 May, ali ndi zaka 70, kunyumba kwake, banja lake lili pambali pake. Mayi ameneyu adali ndi madokotala otchuka ndi makina onse a dziko lolemera, koma mtsempha utang'ambika, palibe amene adakhoza kuubweza. Ndanena zimenezi chifukwa cha inu amayi amene mumadziimba mlandu usiku, kuti mwina mukadadzuka msanga, mwina mukadapeza galimoto dzulo lake, mwamuna wanu akadakhala moyo. Tulani mlandu umenewo, si wanu.

Nanga banja lidzazindikira bwanji? Chizindikiro chachikulu ndi liwiro. Chotupa chimayenda pang'onopang'ono: sabata ino mwendo ukukoka pang'ono, sabata yamawa ukukoka kwambiri, mutu ukuwawa makamaka m'mamawa. Sitiroko imagwa mwadzidzidzi, m'mphindi zochepa, munthu ali pakati pa chiganizo kapena ali ndi chikho m'manja. Muuzeni amwetulire, muone ngati mbali imodzi ya nkhope yagwa. Muuzeni akweze mikono yonse iwiri, muone ngati wina ukutsika wokha. Muuzeni atchule dzina lake ndi la mudzi wake, mumve ngati lilime lalemera kapena mawu asokonekera. Mutu wowawa koopsa wobwera kamodzin'kamodzi, pamodzi ndi kusanza ndi tulo tosadzutsika, umaloza ku mtsempha wophulika. Komabe ndikuchenjezeni kuti maso angathe kunyengedwa, pakuti wodwala chotupa cha mu ubongo amagwa nthawi zina ngati wa khunyu, ndipo akatsitsimuka mkono kapena mwendo umakhala wolefuka kwa maola angapo, kenaka n'kubwerera. Kutupa kwa ubongo kozungulira chotupa nakonso kumafanana ndi sitiroko, ndipo kumeneku mankhwala a dexamethasone amakuchepetsa, munthu n'kuyambanso kulankhula. Chosiyanitsa zonsezi ndi makina ounikira m'mutu, a CT kapena a MRI. Chifukwa chake musagamule nokha kuti zatha, pakuti zina mwa zimenezi zimabwezeka.

Zikachitika, yang'anani nthawi ndi kuisunga pamtima kapena kuilemba, chifukwa funso loyamba la dokotala lidzakhala lakuti, mudamuona komaliza ali bwino nthawi yanji? M'gonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe. Musamumwetse madzi, musamudyetse phala, ngakhale mtima wachifundo ukuuzeni kuti pakhosi pauma. Koposa zonse musamupatse asipirini chifukwa choti mudamva kuti amathandiza sitiroko, pakuti ngati mtsempha waphulika, asipirini adzaonjezera kutayika kwa magazi. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a m'botolo ndi a m'mapepala, ndipo ngati adamwa za zitsamba kapena adatemedwa mphini, nenani poyera, musachite manyazi; dokotala sali pa bwalo la milandu, akufuna kudziwa chimene chili m'magazi.

Mukafika kuchipatala mungathe kuona ngati madokotala akuzengereza, koma dziwani kuti pa nthenda imeneyi iwonso amagwira njakata. Kumene kuli zipangizo, munthu wamba wotsekeka mtsempha amapatsidwa mankhwala osungunula magazi oundana, akafika pasanathe maola 4 ndi theka. Koma mankhwala omwewo sapatsidwa kwa amene ali ndi khansa mkati mwa ubongo kapena wangochitidwa kumene opaleshoni ya m'mutu, chifukwa angathe kutsegula mitsempha yosalimba ija. Mankhwala oletsa kuundana, monga heparin ndi warfarin, amateteza mwendo ndi mapapo, komanso amaopseza mutu. Dokotala amayenda pakati pa ngozi ziwiri, ndipo njira iliyonse imene asankhe ili ndi choopsa chake. Kuno kwathu vutoli limakula chifukwa cha mtunda: madokotala ochita opaleshoni ya m'mutu ndi owerengeka, ndipo amapezeka ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, makina oyamba a MRI adafika ku Queen Elizabeth mu 2008, atabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo kwa zaka zambiri ofunika kuwotchedwa khansa ankachita kutumizidwa kunja kwa dziko. Munthu wa kumudzi wakutali amafika maola aja atatha kalekale.

Ndiye chifukwa chake mbali yaikulu ya chithandizo imagwera m'manja mwa odwazika, ndipo pano ndifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti zimene zimapha munthu pambuyo pa sitiroko kawirikawiri ndi zinthu zazing'ono zimene banja likadatha kuziletsa likadauzidwa. Choyamba ndi kumeza. Sitiroko imafooketsa pakhosi, kotero kuti chakudya chimalowera njira ya mpweya, nichikafika m'mapapo, n'kubala chibayo. Musamudyetse ali chigonere. Mukhazikeni tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, mumupatse phala lokhuthala bwino ndi supuni yaing'ono, mudikire ameze musanaonjeze, ndipo akatha akhale tsonga kwa theka la ola. Madzi, amene ife timawayesa opepuka, ndiwo amatsamwitsa msanga koposa phala. Akamatsokomola pakudya, kapena mawu ake akamamveka ngati muli madzi pakhosi, lekani, mukafunse anamwino. Mukatsukenso m'kamwa mwake, chifukwa chakudya chimabisala m'tsaya la mbali yakufayo iye osadziwa.

Chachiwiri ndi khungu. Munthu wosatha kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa maola 2 alionse, usiku womwe, ndipo zofunda zikanyowa zisinthidwe msanga, pakuti chilonda cha pamsana kapena cha pachidendene chimayamba m'masiku ochepa koma chimatenga miyezi kuti chipole. Pomudzutsa musakoke mkono wakufawo, chifukwa phewa lake lilibe mphamvu yodzigwira ndipo limaguluka, n'kusiya ululu wosatha; mugwireni pathupi. Ndipo pali mwambo wathu wabwino wa kuthowa ndi madzi otentha, umene pano umasanduka ngozi: chiwalo chakufa sichimva kutentha, ndipo munthu amapsa osalira. Chimodzimodzinso mbaula kapena moto wa m'nyumba nthawi yozizira. Mwendo umodzi ukatupa, n'kutentha, n'kumawawa, musausisite ndi pang'ono pomwe, pakuti mungathe kusuntha magazi oundana n'kupita m'mapapo. Ndipo akayamba kubanika mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala. Mankhwala a dexamethasone musawasiye mwadzidzidzi ngakhale nkhope itupe, koma dziwani kuti amakweza shuga, ndipo shuga ayenera kuyezedwa. A BP, a shuga, ndi ma ARV kwa amene amamwa, apitirire monga mwa malangizo a dokotala, pakuti khansa siichotsa matenda akale. Za mafizo, anamwino ndi akatswiri monga a ku Kachere ku Blantyre amaphunzitsa mmene mungapindire ndi kuongola ziwalo tsiku ndi tsiku kuti zisaumirire.

Koma chimene chimaswa mtima wa wodwazika koposa zilonda ndi zochapa ndi kusintha kwa munthu mwini wakeyo. Bambo amene moyo wake wonse sadatukwanepo ayamba kutukwana mkazi wake pamaso pa ana. Mayi wolimba mtima ayamba kulira popanda chifukwa, kapena kuseka pa nkhani yachisoni. Wina adya mbali imodzi yokha ya mbale nasiya inayo, osati chifukwa chonyoza chakudya, koma chifukwa ubongo wake waleka kuzindikira kuti dziko lili ndi mbali ya kumanzere. Zonsezi ndi ntchito ya nthenda pa malo amene yagwira. Si mtima wake weniweni umene wavumbuluka, monga ena amanenera mwankhanza, ndipo si ziwanda. Ndiponso ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wanga wonse: munthu amene wasowa mawu sikuti wasowa makutu. Ambiri osatha kulankhula amamva zonenedwa, ndipo ngakhale amene mawu amawasokonekera amazindikira kamvekedwe ka liwu ndi kaonekedwe ka nkhope. Musakambe za bokosi, kapena za amene adzatenge nyumba ndi munda, mutaima pamutu pake ngati kuti wapita kale. Mupatseni moni monga kale, mumutchule ndi ulemu wake wa mfunda, mumufunse mafunso oti ayankhe ndi mutu kapena ndi kufinya dzanja, ndipo mumupatse nthawi.

Tsopano tiyang'ane kwa wodwazikayo. Ndani amene amachita zonse ndatchulazi? M'mabanja ambiri ndi munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri ndi mkazi: mkazi wa wodwalayo, kapena mlongo wake, kapena mwana wamkazi amene wasiyitsidwa sukulu mwakachetechete popanda wofunsa maganizo ake. Kuchipatala ndiye gadiyani, wogona pansi pambali pa bedi, wophika panja ndi nkhuni zogula, wothamangira anamwino usiku. Kumudzi ndiye wodzuka maola 2 alionse, wotunga madzi ochapira zofunda, wonyamula munthu wolemera kumuposa mpaka msana wake womwe uwonongeke. Ndipo mvula ikagwa munda wake umamera udzu, kotero kuti chaka chotsatira nthenda imasiya njala pakhomo. Alendo odzazonda matenda amabwera gulu, napemphera, naimba, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma akakhala mpaka masana, yemweyo amene sadagone usiku ndiye amakoleza moto kuwaphikira, ndipo pochoka amamusiyira malangizo ambiri ndi mbale zakuda. Ndipo wodwala akafooka, zala zimaloza yemweyo, kuti sadasamale, kapena kuti akudziwapo kanthu.

Apa ndinene mosapsatira, ngakhale ena andikwiyire. Ife ndife anthu odziwa kulira maliro. Uthenga ukangomveka, abale amatuluka ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare, ku Johannesburg. Ufa umapezeka, nkhuni zimapezeka, ndalama ya bokosi lokongola imasonkhedwa tsiku limodzi, ndipo anthu amagona pa siwa mosanyinyirika. Mwambo umenewu ndi ulemerero wathu ndipo usathe. Koma ndifunse: anthu onsewa adali kuti miyezi ija pamene mayi mmodzi ankalimbana yekha ndi kutembenuza wodwala pakati pa usiku? Usiku umodzi wogona pa matenda umaposa mausiku atatu ogona pa siwa, chifukwa wodwala amaumva ndipo wodwazika amapumula nawo. Mu Uthenga Wabwino timawerenga za munthu wofa ziwalo wa ku Kapernao amene adafika pamaso pa Ambuye chifukwa anthu anayi adamunyamula. Adali anayi, sadali mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Abale a kunja amene mumatumiza ndalama pa foni, Mulungu akudalitseni, pitirizani. Koma gawo lina la ndalamayo lilembe munthu wolima munda wa wodwazika, kapena wochapa, ndipo mukaimba foni musafunse za wodwala yekha, mufunsenso amene wagwira foniyo kuti wadya kapena wagona. Ana aamuna, musathawire ku mwambo. Ngati mwambo uletsa mwana wamkazi kusambitsa bambo ake, ndiye kuti mwambo womwewo waitana inu. Amayi a Mvano, a Dorika, a mabungwe a Chikatolika, amayi a Dawa, pobwera kudzazonda tengani sopo, nkhuni ndi ndowa ya madzi, ndipo mmodzi wa inu atsale kuti mnzanuyo agone.

Palinso nkhani imene timaiopa, ya kukambirana zam'tsogolo wodwala akali ndi mawu. Timati kunena za imfa ndi kuiitana. Koma pa nthenda iyi, imene ingathe kutseka pakamwa pa munthu m'mphindi imodzi, kuzengereza ndi kumulanda mwayi wonena zakukhosi kwake. Mwini mbumba aitanitse banja, wodwala ali pomwepo ngati angathe, ndipo afunsidwe mwaulemu: zikadzavuta, mufuna tikutengereninso ku chipatala chachikulu, kapena mufuna kukhala pakhomo panu pakati pa ana anu? Ndani adzakulankhulireni mukadzalephera? Za nyumba, za munda ndi za ana azinene yekha, ndipo ngati n'kotheka zilembedwe pamaso pa mboni, pakuti ngakhale lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa amasiye, mawu olembedwa a mwini wake amatseka pakamwa pa adyera msanga koposa bwalo la milandu. Ndipo inu madokotala ndi anamwino, ndikudziwa kuti mzere wa odwala ndi wautali ndipo manja ndi ochepa. Komabe mphindi zochepa zouza gadiyani, asanatuluke m'chipatala, kuti sitiroko ingathe kubwera, kuti imaoneka chotani, ndi kuti akachite chiyani, zidzapulumutsa banja ku mantha, ku kulozana zala, ndi ku ulendo wa kwa woombeza umene umathera pa kunamizira nkhalamba yosalakwa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ikafika nthawi imene madokotala anena kuti kuchiza kwalephereka, musamve ngati akuti chithandizo chatha. Chilipo chithandizo chochepetsa ululu ndi kusautsika, chimene chimaperekedwa ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni. Kumeneko kuli mofini wamadzi wothetsa ululu waukulu, kuli mankhwala oletsa kuphupha ndi kusanza, ndipo kuli anthu ophunzitsidwa kumvetsera wodwazika pamene iyenso afuna kulira. Mofini woperekedwa pa muyeso wake safulumizitsa imfa, monga mphekesera zimanenera. Amapatsa munthu tulo ndi mtendere woti atsanzike abale ake. Kafunseni pa chipatala cha boma lanu za chithandizo chimenechi, ndipo musadikire kuti matenda afike pa kayakaya.

Omvera athu, ngati m'banja mwanu, mumpingo mwanu, kapena m'mudzi mwanu muli nyumba imene muli wodwala wotere, musadikire kuitanidwa, pakuti wodwazika wotopa alibe mphamvu ngakhale yopempha. Pitani mawa lomwe, mukamufunse kuti akuphunzitseni kutembenuza ndi kudyetsa wodwalayo, ndipo mukamuuze tsiku la sabata limene inu mudzagona pamenepo kuti iye akapume.